Kamzere Kochotsera

Kuno ku Tartu, dzuwa la Disembala ndi mlendo wamanyazi:
limasuzumira pazenera n'kubwerera osapereka moni.
Ndimayatsa nyale m'chipinda chapansi
cha nyumba yosindikizira mabuku a yunivesite,
momwe mapaipi otenthetsera amatsokomola tsiku lonse.

Dzina langa silikhala pachikuto.
Ndine Leida Tamberg, wosaka zolakwika.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndakhala ndikupalira minda ya eni.

Lolemba kunabwera Valdur wa masamu,
chipale chofewa chikusungunuka m'ndevu zake.
Patsamba lachisanu ndi chiwiri analemba kuti "n'zoonekeratu."
Ndinapenyetsetsa mpaka khofi anazizira.
Sindinaone kanthu.
Ndinangodzutsa chilembo chimodzi chomwe chinagona chagada.

Aime wa ku labotale, wa malaya obooka ndi asidi,
amandisiyira mayina a mankhwala
aatali ngati sitima ya katundu.
Ndimawawerenga chobwerera m'mbuyo, bogi ndi bogi,
kuopa kuti lina lingatsale pasiteshoni.

Wa fizikisi ndi wa zaumulungu
akakumana pamakwerero amangogwedezerana mitu,
koma patebulo panga mapepala awo amagona pamodzi.
Wina akuyeza kuwala,
mnzake akufunsa za amene anakuyatsa.
Tsiku lina mphepo inasakaniza masamba awo,
ndinawerenga ndime ziwiri ndisanazindikire.
Onse anayamba ndi mawu akuti "pachiyambi."
Onse anamaliza ndi kupempha ndalama.

Ndiye kunabwera Priit, mnyamata wa zachuma cha ulimi,
nsapato zake zosadziwa ndowe,
atanyamula kafukufuku wa mtengo wa mkaka.
Patsamba la makumi anayi, m'ndandanda wa manambala,
alimi a ng'ombe zosakwana khumi
anali kupeza phindu chaka ndi chaka.

Ndinavula magalasi.

Zachuma sindizidziwa.
Koma ndinaliona kope la mlongo wanga Ülo,
lonona ndi zala, lonunkha khola,
momwe ankalemba malita m'bandakucha uliwonse
kumudzi kwathu kufupi ndi Võru.
Ng'ombe zisanu ndi zinayi, iliyonse ndi dzina lake.
Ndinaliona lole lomwe linadzatenga yomaliza,
ndi unyolo wotsala ukulendewera pakhoma.
Phindu limenelo linadutsa njira iti?

Ndinatenga cholembera chofiira
n'kulemba m'mphepete, mwaulemu, monga mwa ntchito:
"Kodi apa sipakusowa kanthu?"

Panasowa kamzere.
Kamzere kochotsera, kogona, kafupi ngati nsidze,
kamene kamasandutsa kukolola kukhala kutaya.
Priit anafiira mpaka m'makutu.
Akuti kompyuta inakameza posamutsa manambala,
ndipo mitu itatu ya buku lake
inamangidwa pamwamba pa dzenje limenelo.
Anakhala pampando wanga wa alendo osavula chikhoti.
Ndinam'patsa bisiketi.

Anabwerera patatha miyezi inayi,
madzi oundana a mu Emajõgi atayamba kusweka,
nsapato zake zili matope okhaokha.
Buku linatuluka.
Patsamba lothokoza anatchula aphunzitsi ake,
bungwe lomwe linapereka ndalama, bwenzi lake,
ndi mphaka wotchedwa Muri.
Ndinakonzamo mpumiro umodzi.

Loweruka ndinakwera basi ndi buku m'chikwama.
Ülo tsopano amalondera mosungira matabwa,
amagona masana, koma amadzukabe folo koloko
popanda chom'dzutsa.
Ndinam'tsegulira tsamba la makumi anayi.
Anapukuta dzanja pathalauza,
nayendetsa chala pang'onopang'ono kutsika ndi manambala
mpaka chinaima pa kamzere kaja.
Chikhadabo chake chinakaphimba konse.

"Eya," anatero. "Ifeyo ndi amenewa."

Kenaka anafunsa ngati ndidya mbatata,
ndipo anaika buku lija pansi pa mwendo wa tebulo
womwe wakhala ukugwedera chimwalirire mayi.